Tsiku Limene Ndinasefa Soro

Ntchito yanga ndi yokonza mainjini a maboti, ndipo msodzi aliyense wobwera kwa ine ndi injini yotsokomola ndimayamba ndi kumukalipira kuti petulo sathira osasefa. Ena amaseka, ena amati ndine wovuta. Ndine wovutadi. Ndatsegula makabureta osawerengeka kuyambira ku Chiwanga mpaka ku Kobwe, ndipo kawirikawiri chimene chimazimitsa injini pakati pa nyanja, anthu ali thothotho m'boti, ndi kachitsotso koti mutakapukuta ndi chala simungakamve n'komwe. Kakangokhala pa kabowo ka jeti, kodutsira petulo m'kabureta, injini zii. N'chifukwa chake m'thumba langa la zida simusowa fanelo ndi kansalu kosefera. Ntchitoyi ndinaiphunzira ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo ndili mnyamata, ndipo titabwerera kwathu kutsidya lino la nyanja anthu anayamba kunditcha a mesitiri, kutanthauza mmisiri.

Mkazi wanga anadwala m'dzinja, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Tinali titakhala m'banja zaka zambiri popanda mwana. Abale anga anali atandinong'oneza zambiri, abale ake nawo atamunong'oneza zawo, ife n'kumangokhala. Pathupi pamenepa tinkapasamala mpaka anthu kumatiseka, chifukwa ndinkamuletsa ngakhale kusenza ndowa yochokera kunyanja. Tsiku limenelo anayamba kutsegula m'mimba kusanache, kenako kusanza, ndipo pamene kunkayera anali asakuthanso kuima yekha. Ndinamubereka kumsana mpaka kuchipatala chathu chaching'ono, chimene chili pamtunda pang'ono kuchokera pa mtengo wa mango pamene ndimagwirira ntchito.

Chipatalacho ndi cha zipinda ziwiri, ndipo nthawi imeneyo munali anamwino amodzi okha, mayi wamfupi wochokera ku Lichinga, wosakonda kuseka. Wowathandiza kukolopa ndi kuchapa anali atagona kwawo ndi matenda omwewo. Sabata imeneyo anthu ambiri anadwala, ndipo madzi a dripi, amene kuno timati soro, anali atatsala mabotolo atatu okha. Msewu wa ku Metangula unali utaduka pamtsinje. Boti lobweretsa mankhwala linkayembekezeka, koma mpoto unali ukuwomba tsiku lachitatu, ndipo boti lochokera kum'mwera limalimbana nawo maso ndi maso.

Mabotolo awiri oyamba analowa mofulumira. Ndinaona mkazi wanga akubwerera pang'ono, milomo ikusiya kuuma, maso akunditsatira. Anamwino anamvetsera pamimba pake, nati mwana ali moyo ndipo mtima wake ukugunda bwino. Koma kutsegulako sikunaleke. Zimene zinkalowa pamkono zinkatuluka mu ndowa imene inali pansi pa bedi.

Botolo lililonse asanalipachike, anamwino ankalitenga n'kupita nalo pazenera. Pakhoma pamenepo panali kansalu kakuda kokhomedwa ndi misomali, pafupi ndi laimu woyera. Ankalitembenuza pang'onopang'ono, kuliyang'ana pakudapo, kenako poyerapo, kenako kulifinya kuti aone ngati likudontha. Ine ndinkalusa nazo mumtima chifukwa ndinkaona ngati akutaya nthawi. Botolo lachitatu analiyang'ana chimodzimodzi, linali loyera. Koma pobaya mpira wa pakamwa pake ndi nsonga ya chubu, mpirawo unali wouma, ndipo kachidutswa kake kanathothoka n'kugwera m'kati. Anatukwana m'Chipwitikizi, nazula nsongayo, nandiitana.

"Mukukaona, a mesitiri?"

Ndinakaona. Kanali kakuda, kakang'ono ngati njere ya bonongwe, kakutsika pang'onopang'ono m'madzimo.

"Nanga si kampira chabe, mayi?" ndinatero.

"Mukakameza ndi kampira chabe. Koma mumtsempha mulibe potulukira. Kamayenda ndi magazi mpaka kukafika pa kamtsempha kopapatiza ka m'mapapo, n'kutsekapo."

Munthu wina akanafunsanso mafunso, koma ine ndinamva nthawi yomweyo. Ndinaona jeti, ndinaona injini ikuzima.

Anaphimba pakamwa pa botololo ndi kathonje konyowa ndi spiriti, naliimika pazenera. Anati akukwera paphiri la kuseri kwa tchalitchi, pamene foni imagwira, kuti akafunse adokotala a ku boma chochita, ndiponso kuti amve pamene boti lafika. Anandisungunulira mchere ndi shuga wa m'kapaketi mu jagi, nandipatsa supuni.

"Muziwapatsa pang'onopang'ono, ngakhale asanze. Musakhudze china chilichonse. Mwamva?"

Ndinati ndamva.

Supuni yoyamba anameza. Yachiwiri anameza. Yachitatu inabwerera pamodzi ndi zinzake. Ndinayesanso, zinabwereranso. Maso ake anali akulowa m'kati ine ndikuona. Zala zake zinachita makwinya ngati za munthu amene watandala akuchapa. Minofu ya m'miyendo inkakokana, iye n'kumatsegula pakamwa kuti alire koma mawu osatuluka. Ndinatsina khungu la padzanja lake monga ndinaonera anamwino akuchitira, khungulo linangoima osabwerera. Ndinachita mantha amene sindinawachitepo, ngakhale tsiku limene tinawoloka nyanja pothawa mfuti. Ndinkangoyang'ana mimba yake, ndikuyang'ana botolo lija pazenera, ndikuyang'ananso mimba.

Kenako mantha aja anasanduka ukali, monga zimandichitikira nthawi zonse. Ndinati mumtima, anthu ophunzirawa nzeru zawo n'zotani? Botolo lathunthu la mankhwala likhale pazenera, munthu akufa, chifukwa cha kachitsotso kamodzi? Ine ndimachotsa zitsotso tsiku ndi tsiku. Ndi ntchito imene ndimadyera. Ngati pagombe lonseli panali munthu wodziwa kusefa madzi mpaka kuyera mbee, munthuyo ndinali ine.

Ndinathamangira pamango paja n'kutenga thumba langa. Musaganize kuti ndinachita mwachisawawa. Ndinachita mosamala kuposa ntchito iliyonse imene ndinagwirapo. Pakhumbi pamene odwazika matenda amaphikira panali mbaula ya moto. Ndinatsuka kapoto ndi sopo, ndinawiritsamo madzi, ndinaponyamo kansalu katsopano koyera kamene ndinali ndisanasefereko kanthu. Fanelo ndinaitsuka katatu, ndinainunkhiza, ndinaitsukanso, kenako nayonso ndinaiviika m'madzi otenthawo. Ndinacheka botolo lija kumatako kwake, motsatira msoko wa kufakitale, pafupi ndi kakolowekero. Ndinatsanulira soro mu kapoto kudzera pansaluyo. Kampira kaja kanatsalira pansalu, bii, ndipo ndinakayang'ana mokhutira. Ndinabwezera madziwo m'botolo ndi fanelo, ndinawotcha mpeni pamakala, n'kumata pochekapo monga timamatira zigubu zong'ambika. Ndinalifinya, silinadonthe. Msoko wanga unagona pamwamba pa msoko wakale, moti munthu wosadziwa sakanaona.

Ndinaliimika pamalo pake pazenera. Ndivomere kuti ndinanyadira. Ndinapukuta nkhope ya mkazi wanga n'kumuuza kuti alimbe mtima, mankhwala ake akonzeka. Sindikudziwa ngati anamva.

Anamwino anabwera ali wefuwefu, matope mpaka m'maondo. Asanalankhule anagwira dzanja la wodwala, nasamutsira zala zawo pakhosi, nkhope yawo n'kusintha.

"Boti lanyamuka, koma likulimbana ndi mpoto. Akuti mwina dezaseyi ora, ndiye kuti folo koloko madzulo," anatero. "Sitingadikire. Adokotala akuti botolo lija linali lotseka bwino, cholowamo ndi kampira kokha. Nditenge chubu chatsopano, chija chili ndi kasefa m'kati mwa kachipinda kodonthera, ndipo ndizikayang'anira kampirako mpaka botolo litatsala pang'ono. Si zabwino, koma n'zimene tili nazo."

Mawu amenewo anandilowa ngati madzi ozizira. Kasefa. Chubucho chinali kale ndi sefa yake, ine osadziwa. Ndinadziuza kuti palibe chimene chalakwika, ndangowachepetsera ntchito. Ndinadziuzanso kuti ndiwauza botolo likatha, mkazi wanga atatsitsimuka, tonse tikuseka.

Anatenga botolo, naliyang'ana mofulumira. Kunja kunali mitambo, m'chipinda munali chimdima.

"Kapita kuti?" anadzifunsa okha. "Kakhala kakanirira pakhosi apa."

Analibaya, nalipachika pamsomali wa pamwamba pa bedi, natsegula kagudumu kuti madzi ayende m'chubu ndi kuthamangitsa mpweya. Madontho oyamba anagwera pansi pa simenti. Nthawi yomweyo mtambo unapatuka, dzuwa linalowa pazenera n'kumenya botololo.

Maso anga ndi a munthu woyang'ana tizibowo ta jeti tsiku lonse. Ndinaona zimene anamwino sanazione, chifukwa iwo anali atawerama pamkono wa mkazi wanga. M'madzi muja munali tiubweya ta nsalu, tating'onoting'ono, tosawerengeka, tikuzungulira m'kuwalako. Pamene panali kachitsotso kamodzi tsopano panali khamu. Ndipo pamwamba pa madziwo, pamene amakumana ndi mpweya, panali kautawaleza kopyapyala. Kautawaleza kameneko ndimakadziwa kuposa nkhope yanga. Ndi kamene kamayandama panyanja pomwe tatsukira injini. Fanelo yanga, imene ndinaitsuka kanayi, inali itapereka petulo wake wa zaka zonse.

Nsonga ya chubu inali itatsala pang'ono kukhudza singano ya pamkono. Ndinalumpha n'kugwira dzanja la anamwino mwamphamvu, moti anakuwa.

"Musalumikize, mayi! Musalumikize!"

"Mwapenga? Ndisiyeni!"

"Ndasefa ine. Soroyo ndasefa ine."

Sanamvetse. Ndinabwereza kuti ndinacheka botolo, ndinasefa pansalu, ndinamata ndi mpeni. Anatsitsa botolo, nayendetsa chala pamsoko, nadontheza madzi padzanja n'kununkhiza. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, ndipo ndikanakonda akanatero. Koma analankhula motsitsa kwambiri.

"Linali lomaliza, a mesitiri."

"Ndinawiritsa zonse," ndinatero, ukali wanga uja ukufunabe podzera. "Nsalu, poto, fanelo, zonse!"

"Mpeni munawiritsa? Manja anu? Mpweya wa pakhumbi paja munawiritsa? Kaja kanali kamodzi, ndinkakaona, ndikanakalondera ndi maso anga. Izi mwaikamozi zina sizioneka n'komwe, ndipo palibe sefa ingazigwire."

Anaponya botolo mu ndowa ya zinyalala. Linagwa ndi phokoso lolemera la chinthu chodzaza, ndipo ine ndinangokhala pansi pasimenti.

"Dzukani," anatero. "Kulira mulira pambuyo. Sambani m'manja ndi sopo."

Anatenga kachubu kena kofewa n'kukalowetsa m'mphuno mwa mkazi wanga mpaka m'mimba. Mkazi wanga sanakane n'komwe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa akanalimbana nafe. Anandipatsa sirinji yaikulu, nandionetsa mlingo, nati ndizikoka madzi a mu jagi n'kumakankha pang'onopang'ono, osathamanga, chifukwa ndikathamanga asanza ndipo zingalowe m'mapapo. Nthawi imeneyo dzuwa linali lisanafike paliwombo.

Maola amenewo sindiwaiwala. Ndinakhala pa kampando, chala pa sirinji, ndikukankha pang'ono, ndikudikira, ndikukankhanso. Nthawi zina madzi ankakhala, nthawi zina ankabwerera, ife n'kumutembenuza chammbali, kupukuta, kuyambiranso. Manja ake anazizira. Mapazi anazizira. Anamwino ankagwira padzanja osapeza kanthu, n'kupita pakhosi, n'kukhala chete akuwerenga. Ankapita kukaona odwala awiri a m'chipinda china, amene anali akuchira, n'kubwerera. Sanandilankhulenso za botolo. Ine ndinkaliona lili mu ndowa, lodzaza.

Ndinapemphera mapemphero onse a m'buku amene ndinkawakumbukira, ena ndinkawayamba pakati. Koma kunena zoona khutu langa silinali kwa Mulungu, linali kunyanja. Injini iliyonse ya pagombe lino ndimaidziwa ndi kulira kwake. Ndinkamvetsera kupyola mphepo, kupyola mafunde, ndipo kangapo mtima unandinamiza. Ndinaimirira kawiri, anamwino n'kundibweza ndi diso.

Dzuwa litapendeka ndinaimva. Inali kutali, kuseri kwa mphuno ya miyala yolowa m'nyanja, ikulira mokakamira. Inatsokomola kamodzi. Inagwiranso.

"Lafika, mayi."

"Sindikumva kanthu."

"Ine ndikumva. Lafika."

Anandilanda sirinji. Ndinathamanga kutsetsereka, ndinalowa m'madzi mpaka m'chifuwa boti lisanakocheze, ndinakuwa kuti andipatse katoni ya soro. Oyendetsa boti ankandidziwa, anayamba kundipatsa moni, koma ataona nkhope yanga anangondisenzetsa katoniyo pamutu. Mmene ndinakwerera mtunda uja sindikumbukira.

Ndinang'amba katoni ndi manja, ndinasolola botolo n'kuwapatsa anamwino kuti apachike. Iwo anapita nalo pazenera. Ndinafuna kukuwa. Mkazi wanga anali akupuma mwapamwamba, maso atatembenuka, ndipo mayiyu akupita pa kansalu kake kakuda! Analitembenuza, nalifinya, kenako anandipatsira.

"Maso anga atopa, sindinagone masiku awiri. Anu ndi akuthwa. Yang'anani inu."

Ndinalitembenuza mwaphuma moti madzi anachita thovu. Ndinkaona zitsotso paliponse. Kathovu kalikonse kankaoneka ngati ulusi, fumbi la kunja kwa botolo linkaoneka ngati lili m'kati. Ndinalipukuta ndi malaya, ndinaliyang'ananso pakuda, poyera.

"Thovu limakwera, chitsotso chimatsika," anatero. "Dikirani likhazikike. Nenani."

Ndinadikira. Sindinaonepo nthawi yaitali ngati imeneyo. Thovu linakwera lonse, m'madzi munatsala mbee.

"Ndi loyera," ndinatero, ndipo mawu amenewo anandilemera kuposa katoni ija.

Anabaya mpira mosamala, molunjika, kamodzi kokha, nayang'ananso ngati pagwa kanthu. Mtsempha wa pamkono wina unali utabisala, anaufuna katatu asanaupeze. Anapachika mabotolo awiri nthawi imodzi, uku ndi uku, nandiuza kuti ndifinye limodzi ndi manja kuti lithamange. Ndinafinya, maso ali pa kachipinda kodonthera, ndikuopa dontho lililonse lolowa mwa mkazi wanga.

Botolo lachitatu la m'katoniyo lili pakati, anamwino anagwira padzanja n'kugwedeza mutu. Ananditenga chala n'kuchiika pamenepo. Ndinamva kakugunda, kofooka, koma kalipo. Patapita nthawi zala zake zinayamba kufunda, kupuma kunatsika, maso anabwerera m'malo mwake. Ndinagwada pambali pa bedi n'kulira mokweza, osasamala kuti odwala a m'chipinda china akumva.

Apo m'pamene anamwino anatenga kachitsulo kawo komvetsera n'kukaika pamimba. Anamvetsera kumanja. Anasunthira kumanzere. Anapita m'munsi, nabwerera pamene anayambira. Anandiuza kuti nditseke zenera chifukwa mphepo ikusokosa. Ndinatseka. Anamvetseranso nthawi yaitali, maso ali otseka, dzanja lina litagwira dzanja la mkazi wanga kuti asasokoneze mitima iwiriyo. Kenako anafunditsa mimbayo ndi chitenje, natuluka pakhonde. Ndinawatsatira.

"Sindikumumva," anatero. "Mawa, akalimba, mupita nawo ku Metangula pa boti lomweli, akaone ndi makina. Koma ndisakunamizeni, bambo. Sindikumumva."

Ndinagwira mzati wa khonde. Funso linali limodzi lokha, ndipo ndinkaliopa, koma linatuluka.

"Botolo lija likanalowa, mwanayo akanakhala moyo?"

Anandiyang'ana ndi maso ofiira. Ndinaona kuti akufuna yankho loti andipatse, lofewa kapena lolasa, ndipo onse awiri anali nawo pafupi.

"Sindikudziwa," anatero. "Matendawa amatenga ana ambiri m'mimba ngakhale soro atakhalapo wodzaza nyumba. Mwina anali atapita kale ine ndili paphiri. Mwina botolo lija likanamufikitsa madzulo ano. Ine sindikudziwa, ndipo inunso simudzadziwa."

Ku Metangula anatsimikiza zomwezo mawa lake. Mkazi wanga ali moyo mpaka lero, ndipo zonse ndinamuuza ndi pakamwa panga patapita miyezi. Pathupi pena sipanabwerenso. Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri si za ku Metangula, kapena tsiku limene ndinaulula. Ndi pakhonde paja, anamwino atangomaliza kulankhula, pamene ndinamva mawu ochokera m'chipinda, osasa, oyamba kutuluka m'kamwa mwa mkazi wanga tsiku lonselo.

"Bambo, muli kuti?"

Ndinalowa. Anali ataika dzanja lake pamimba, chubu chikulendewera pamkono.

"Sakusewera," anatero. "Anamwino akuti bwanji?"

Ndinakonza chitenje chimene chinali chokonzeka kale, ndinamuuza kuti ayambe wagona.